Mathanki Okana Kuyera

"Unikaninso, a kapitawo," anatero mayi wa ku labu, woyeza ukhondo wa mathanki. "Osati pansi ayi, m'mbalimo."

Ndinali nditagwada pa simenti yonyowa, mutu ndi phewa limodzi zili m'kati mwa thanki yachisanu. Ndinakweza tochi. Zinalipo ndithu, monga zinalili dzulo m'thanki yachinayi: zoyererera zonga phulusa zitayanga khoma lonse lachitsulo, ndipo chakumwamba, pamene thovu la mowa limalekezera, mkombero wofiirira utazungulira thanki yonse. Chonsecho tinali titangoitsuka kumene. Madzi anali akudonthabe.

Mayiyo anandikankhira pambali, n'kupisa dzanja m'katimo ndi kathonje kake. Atakatulutsa anandionetsa pafupi penipeni ndi mphuno, ngati kuti ndine wakhungu.

"Muno simulowa mowa," anatero. "Ndikalola, pakutha sabata udzakhala utasasa, ndipo wotukwanidwa ndidzakhala ine. Itanani anthu anu alowe ndi maburashi."

Kulowa ndi maburashi kunali kutaya tsiku lathunthu, anthu anayi akukhula chitsulo ndi manja, ntchito zina zonse zitaima. Mwezi umenewo tinali titachita zimenezi kasanu ndi kawiri.

Kumbuyo kwanga kunaima wotsuka mathanki, payipi ili m'manja. Wotsuka mathankiyo anali apongozi anga, bambo ake a mkazi wanga. Iwowo anali atatsuka mathanki asanu ndi imodzi a fakitale yathu ya mowa kwa zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo ndi iwo amene anandipezera ntchito yonyamula makireti nditangokwatira mwana wawo. Ine ndinalimbikira sukulu ya pakalata, ndinapeza pepala, ndipo miyezi itatu izi zisanachitike anandikweza kukhala kapitawo. Ndinakhala bwana wa apongozi anga. Kuntchito ankanditchula "a kapitawo", ine ndinkawatchula "bambo", ndipo tonse awiri tinkayang'ana kumbali potchulanapo.

Ukapitawo ndinaulowa ndi moto, ndisaname. Sabata yoyamba yomweyo ndinamata chipepala pakhoma cholemba ntchito iliyonse ndi mphindi zake. Nthawi zongokhalakhala ndinazidula zonse. Anzanga anandipatsa dzina loti Wotchi, ndipo m'malo mokwiya ine ndinkalinyadira.

Bwana mkulu anatipeza tikadali pomwepo. Anali munthu wamfupi, wosakonda kugwada, choncho anangoyang'ana kathonje kaja.

"Wotchi, watsuka ndani?"

"Atsuka ndi bambowa, bwana."

"Dzulo?"

"Omwewa."

Anawayang'ana apongozi kuyambira kumutu mpaka ku majombo. "Mdala, maso akuonabe bwino?"

"Akuona, bwana."

"Nanga bwanji mukutiitana kudzaona thanki yakuda mukuti yayera?"

Bwana anandikokera pambali, koma mawu sanatsitse kwenikweni.

"Ndikudziwa kuti khoswe wakhala pamkhate. Koma ine ndimagulitsa mowa, sindigulitsa chibale. Lero ndi Lachisanu. Likafika Lachisanu linalo mathanki asakuyera, mdalayu apite kubwalo azikasankha mabotolo osweka, pano tiikepo wina."

Kubwalo n'kumene ankaponyako anthu oti fakitale yatopa nawo koma ikuchita manyazi kuwachotsa. Apongozi anali atatsala ndi chaka chimodzi kuti apume. Ndinadziwa kuti akawaponya kumeneko, zaka makumi awiri ndi zisanu zija anthu adzaziiwala, adzangokumbuka mdala wa mabotolo.

Katsukidwe ka thanki si kovuta, n'chifukwa chake mutu wanga unaima. Mowa ukachoka umatsukuluza ndi madzi. Kenako umatseka kachitseko, n'kuyatsa pampu yomwe imakankha soda wotentha kupita pamwamba, pamene pali kampira kachitsulo kazibowozibowo komwaza sodayo m'makoma monse. Soda amadya zomata za mowa. Ukatsukuluza umazunguliritsa asidi, n'kutsukuluzanso, basi. Loweruka ndinaima pambali pa apongozi, wotchi ili m'manja, ndikuwerenga mphindi. Sanaphonye ngakhale imodzi. Thanki inatuluka yakuda.

Ndinakwera pamwamba pa thanki yoyamba, imene timayenera kudzaitsuka Lolemba, ndinamasula kampira kaja n'kukhala pa kireti ndikutokosa zibowo zake ndi singano. Ndinapeza ziwiri zotsekeka. Ziwiri zokha mwa zibowo zoposa makumi asanu, koma munthu womira amagwira ngakhale udzu. Lolemba titatsuka, mayi wa ku labu anapukuta, kathonje kanatuluka koyera kuti mbee. Thanki ikuwala! Ndinayendayenda m'fakitale monse chifuwa chili patsogolo, ndikuuza aliyense za singano yanga.

Lachiwiri ndinatokosa kampira ka thanki yachiwiri, tinatsuka, ndipo zoyererera zija zinabwera zochuluka kuposa kale.

"Musadabwe," anatero mayi wa ku labu akutsegula buku lake. "Ndimafuna ndikuuzeni dzulo koma munali pa chikondwerero. Taonani apa. Lolemba lililonse thanki imayera. Masiku enawa ayi."

"Chifukwa chiyani?"

"Ndikanadziwa bwenzi ndili bwana mkulu."

Woyendetsa pampu, mkulu wina wosatha nthabwala, anamva. "Yankho ndi losavuta," anatero. "Thanki ya Lolemba imakhala itapemphera dzulo lake. Zinazi ndi zachikunja. Tiziitana abusa m'malo mwa soda."

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Ine sindinaseke. Ndinakhala pansi ndi pepala n'kuyamba kulemba zonse zosiyana pakati pa Lolemba ndi Lachiwiri. Madzi ndi omwewo. Soda ndi wa mumgolo womwewo. Pampu ndi yomweyo, wotsuka ndi yemweyo. Ndinayamba kuganiza zopusa: mwina magetsi amakhala amphamvu Lolemba, mwina apongozi amakhala atapuma bwino Lamulungu ndiye manja amakhala opepuka. Koma manja amalowapo bwanji poti wotsuka weniweni ndi pampu? Ndinang'amba pepalalo.

Lachitatu ndinawonjezera soda, ndinatenthetsa madzi mpaka payipi yosagwirika. Mkombero wofiirira uja unauma gwa, woti ngakhale chikhadabo chinkaterera. Kuwonjezera mankhwala, matenda n'kukula! Ndinakhala pa masitepe ndikuyang'ana thanki imeneyo ngati ili ndi pakamwa poti indiuze.

Madzulo a tsiku lomwelo bwana anandiitanitsa ku ofesi. Kalata inali italembedwa kale. Inkati wotsuka mathanki saonanso bwino chifukwa cha ukalamba, ndipo kapitawo wake akuvomereza kuti asinthidwe ntchito. Panatsala malo a dzina langa.

"Mawa ayambe kubwalo mongoyembekezera," anatero bwana. "Utsuke wekha tione. Ikayera, ndiye kuti vuto talipeza, Lachisanu kalatayi ipita kwa akuluakulu."

Ndinasaina. Ndinganene kuti anandikakamiza, koma cholembera ndinatulutsa changa m'thumba. Mumtima ndinali nditayamba kukhulupirira kuti mwina n'zoona, pakuti china chilichonse ndinali nditachiyesa.

Nditafika kunyumba ndinapeza mkazi wanga akusita mayunifolomu a ana patebulo. Nkhani inali itafika kale, sindikudziwa kuti inadzera njira iti.

"Ndamva kuti bambo anga achita khungu," anatero osadzutsa mutu.

"Palibe wanena kuti khungu."

"Dzana lomweli amandilowetsera ulusi pa singano ine nditalephera. Khungu lake ndi la mtundu wanji limeneli, logwira munthu akangolowa pageti ya fakitale?"

"Mayi a ana, zinthu za kuntchito simungazimvetse. Ineyo amene ndili komweko sindikuzimvetsa."

Anaimika simbi, n'kundiyang'ana. "Chabwino, ine ndine mbuli. Ndiye ndiphunzitseni. Mathanki ndi atsopano?"

"Ayi."

"Soda ndi watsopano?"

"Ayi."

"Bambo ndi omwe aja. Ndiye chatsopano kumeneko n'chiyani, kupatula inu?"

Ndinapsa mtima koopsa. Ndinamuuza kuti ine sindigwira payipi, sindigwira soda, ndimangogwira wotchi, ndipo wotchi siidetsa thanki. Iye anangopinda malaya a mwana, n'kutenga ena.

Lachinayi m'mawa ndinaona apongozi akudutsa pakhomo la chipinda cha mathanki osalowa, atanyamula magolovesi okhuthala a kubwalo. Anandipatsa moni monga mwa masiku onse, "Mwadzuka bwanji a kapitawo," ndipo ine ndinayankhira pansi.

Thanki yachinayi inatha mowa nthawi ya naini. Isanakwane hafu pasiti ndinali nditatsukuluza, nditatseka kachitseko mwamphamvu, ndipo soda anali wokonzeka, wamphamvu kuposa tsiku lina lililonse. Ndinapempha mayi wa ku labu kuti amuyeze asanalowe. Anadonthezera timankhwala take m'kabotolo.

"Ameneyu akhoza kusenda munthu khungu," anatero.

Ndinayatsa pampu. Patapita mphindi khumi ndinatunga soda wobwerera kuchokera m'thanki, kuti ndimuonetse mayiyo kuti ntchito ikugwirika. Anayeza. Anakwinya nkhope, anataya, anatunganso yekha, anayezanso.

"A kapitawo, soda wanu wapita kuti?"

"Wapita kuti bwanji? Si uyu?"

"Awa ndi madzi oterera chabe. Mphamvu yatsala theka, mwinanso osafika."

Ndinayang'ana pansi ngati pali potayikira. Panalibe. Ndinayang'ana mpopi wa madzi ngati wina wautsegula. Unali wotseka. Soda walowa wamphamvu m'thanki yopanda kanthu, yotseka, ndipo watuluka wofooka. Wamudya ndani?

Pamenepo m'pamene ndinamva kulira. Kunkachokera pamwamba pa thanki, kamluzu kakang'ono kosalekeza, konga ka munthu wokoka mpweya m'mano. Kanakula. Kenako thanki yonse, chichitsulo chotalika kuposa nyumba, inati gubu! Ndinaona ndi maso angawa khoma lake likulowa m'kati pang'ono, ngati pali chimunthu chosaoneka chalikankha ndi bondo. Woyendetsa pampu anathawira kukhomo. Mayi wa ku labu anagwetsa kabotolo. Ine ndinangoti kakasi, wotchi ili m'manja.

"Zimitsani pampu!"

Anali apongozi. Anali atamva ali kubwalo. Anandidutsa akuthamanga, magolovesi akuwataya m'njira, anamenya batani la pampu, n'kukwera makwerero ngati mnyamata. Atatsegula kampopi ka pamwamba, mpweya unalowa m'thanki ndi mkokomo, ndipo khoma lija linabwerera m'malo mwake, gubu kachiwiri.

Anatsika akupuma mwawefuwefu. "Imafuna kuitsegulira pang'ono kampopiko ikayamba kulira," anatero. "Miyezi itatu yonseyi ndakhala ndikutero."

"Miyezi itatu?" anafunsa mayi wa ku labu. "Kale siinkalira?"

"Ayi, mayi. Kale inkakhala itapuma."

"Itapuma bwanji?"

Apongozi anandiyang'ana kaye ine, ngati akupempha chilolezo. "Mowa ukachoka ndinkatsegula kachitseko ndi pamwamba pomwe, n'kuisiya maola awiri. Ndinkapita kukamwa tiyi. Pobwera ndinkanunkhiza pakhomopo. Ikamaluma m'mphuno ndiye kuti sinapume, ndinkadikiranso. Ikasiya kuluma, m'pamene ndinkathira soda."

Mayiyo anagwira m'mutu ndi manja onse awiri. "Mayo ine! Inu mwasiya kuzitsegula? Wakuuzani ndani?"

Chipepala changa chinali pakhoma kumbuyo kwake, ndipo mzere wachitatu, wolembedwa ndi dzanja langa, unkati thanki itsukidwe pasanathe theka la ola mowa utachoka. Tiyi wa maola awiri uja ndi amene ndinayamba kumudula sabata yanga yoyamba, ndipo ndinkamutchula monyadira pouza bwana za nthawi imene ndapulumutsa.

"Mowa ukachoka thanki sikhala yopanda kanthu," anatero mayiyo, akulankhula ndi ine pang'onopang'ono. "Imatsala yodzaza ndi mpweya uja wochititsa thovu. Soda akaupeza amaumwa, iye n'kufa mphamvu, n'kusanduka zoyera mukuzionazi. Wofookayo sangachotse mkombero, ndiye inu mumauphika ndi madzi otentha. Mpweya ukamwedwa m'thanki yotseka, thanki imadzikoka yokha. Ya Lolemba imayera chifukwa imachoka mowa Loweruka n'kugona yotsegula."

"Ndiye imapumadi pa Sabata," anatero woyendetsa pampu ali pakhomo, koma ulendo uno palibe anaseka.

Onse atabalalika ndinatsala ndi apongozi. Manyazi anandigwira.

"Bambo, bwanji simunandiuze?"

"Ndinakuuzani, a kapitawo. Tsiku lomwe munamata pepala lija."

"Munati chiyani?"

"Ndinati thanki imafuna kupuma. Inu munandifunsa chifukwa chake, n'kundifunsanso kuti zalembedwa pati." Anapukuta manja pa ovolosi. "Chifukwa chake ine sindinkachidziwa. Amene anandiphunzitsa ntchito ankatero, nanenso ndinkangotero. Inu munapita kusukulu. Ndinati mwina unalidi ulesi wa ife akale."

"Nanga zitayamba kuda?"

"Zinayamba patapita masabata. Nanenso mutu unaima, mwananga. Ndinkaganizako za kupumako, koma ndimati ndikanena pamaso pa bwana, ndiye kuti ndanena kuti mkamwini wanga walakwitsa. Mwana wanga uja anavina tsiku limene munakwezedwa."

Ndinalonjeza pomwepo kuti mawa ndikauza bwana zonse. Ndinalumbira ndithu. Iwo anangogwedeza mutu n'kupita kukatola magolovesi awo.

Lachisanu thanki yachisanu inatha mowa m'mawa, ndipo ndinawaitana apongozi kuchokera kubwalo. Apongozi anatsegula kachitseko ndi pamwamba, anapempha kuti atuluke kaye pageti, ndipo ine ndinakhala maola awiri pa kireti ndikuyang'ana thanki yosachita kanthu. Sindinakhalepo ndi maola aatali ngati amenewo. Atabwera ananunkhiza, anati yapuma, tinatsuka. Pampu inayenda popanda kamluzu. Kathonje kanatuluka koyera.

Bwana anatsika ndi kalata ija m'manja. Ulendo uno anagwada, anaunika yekha, n'kudzuka akumwetulira.

"Wotchi, wagwira ntchito. Ndiye vuto linali chiyani?"

Mawu ndinali nditawakonza. Ndinali nditawayeserera m'bafa, panjira, ngakhale pa kireti paja. Mayi wa ku labu ankandiyang'ana. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe.

"Anali maso angawa, bwana."

Tonse tinatembenuka. Apongozi anali atavala magalasi. Anali a pamsika, a mafelemu akuda okhuthala, kapepala ka mtengo kakadali pakona ya diso lamanzere. Maso awo ankaoneka aakulu ngati a ng'ombe.

"Sindimaona bwino mizere ya pa chikho choyezera soda," anapitiriza osaphethira. "A kapitawo ndi amene atulukira, andiuza kuti ndigule awa. Atinso tiziisiya thanki ipume kaye tisanatsuke, ndi nzeru ya kusukulu imeneyo."

Bwana anaseka, anandimenya paphewa. "Si ndinanena ine? Mdala, mukanagula kalekale, tikanavutikiranji?" Anapinda kalata ija n'kuiika m'thumba. "Poti mwayamba kuona, khalani pa mathanki panu."

Apa m'pamene ndinayenera kuyankhula. Pakamwa panali potsegula kale. Mayi wa ku labu anadikira, anadikira, kenako anatseka buku lake n'kutuluka. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinakhala chete polemekeza bodza la apongozi kapena pokonda ukapitawo wanga. Ndadzifunsa kambirimbiri, ndipo yankho limasintha malinga ndi tsiku.

Bwana atapita, apongozi anatembenuka kuti akazimitse madzi, ndipo anapunthwa pa payipi yomwe anakhala akuidumpha zaka makumi awiri ndi zisanu. Ndinawagwira mkono.

"Vulani, bambo. Muvulala nawo awa."

"Ndikavula ndiye kuti ndinanama," anatero.

Anawavala chaka chonse chotsalacho, tsiku lililonse, kuyambira pageti mpaka pageti. Anthu anawapatsa dzina loti Anamaso Anayi, ndipo ankayankha. Masitepe ankatsika atagwira khoma.

Tsiku lina ndinalowa m'chipinda cha mathanki nditavala nsapato zopanda phokoso. Ndinawapeza atagwada pa kachitseko ka thanki yachiwiri, tochi ili m'manja, magalasi atawakankhira pamphumi, akuyendetsa maso awo enieni pakhoma lachitsulo mzere ndi mzere. Ndinakhosomola. Osatembenuka n'komwe kuti aone amene wabwera, anakweza chala chimodzi n'kutsitsira magalasi aja pamphuno.